Kompyuta Itayamba Kulankhula: Mbiri ya Anthu Osaona Pomenyera Ufulu Wowerenga Okha

Sabata ino tiyeni tibwerere m'mbuyo ndi kuona mbiri ya anthu amene ambiri a ife sitiwakumbukira tikakhala pa kompyuta kapena tikagwira foni m'manja. Tikunena za abale ndi alongo athu osaona. Ambiri timaganiza kuti munthu wosaona ndi kompyuta n'zotalikirana ngati kumwamba ndi pansi. Komatu lero lino alipo maloya, aphunzitsi, atolankhani ndi akatswiri opanga mapulogalamu amene saona konse, koma amagwira ntchito pa kompyuta tsiku lathunthu. Amatero mothandizidwa ndi pulogalamu imene pa Chingerezi amaitcha screen reader. Pulogalamuyi imatenga mawu amene ali pa sikirini ndi kuwalankhula mokweza, kapena kuwatumiza ku kachipangizo kotulutsa timadontho ta Braille timene munthu amawerenga ndi zala. Mwini wake amayendetsa zonse ndi kiyibodi, ndipo amene adazolowera amamvetsera pa liwiro loti ife openya sitingatolepo kanthu.

Mwayi umenewu sudabwere wokha. Nthawi iliyonse imene anthu openya asintha kalembedwe ndi kawerengedwe kawo, khomo lakhala likutsekeka kwa osaona, ndipo nthawi zambiri amene akhala akulitsegulanso ndi osaona eni ake. Akuluakulu adati fumbi ndiwe mwini, ndipo mbiri imene tikambiraneyi ikuchitira umboni mwambi umenewu.

Chiyambi chake: mnyamata wa ku Coupvray

Kuti timvetse bwino nkhani ya makompyuta, tiyenera kuyambira pa pepala. Louis Braille adabadwa m'chaka cha 1809 m'mudzi wa Coupvray, kum'mawa kwa mzinda wa Paris ku France. Ali ndi zaka 3 adadzibaya m'diso ndi chida chosongoka m'nyumba imene bambo ake ankasokeramo zikopa, ndipo matenda atafalikira ku diso linalo adasiyiratu kuona. Wansembe wa parishi yakwawo, Bambo Jacques Palluy, adaona nzeru za mwanayo, adayamba kumuphunzitsa, ndipo pambuyo pake adamuthandiza kupeza malo pa sukulu ya ana osaona ku Paris m'chaka cha 1819.

Pa sukulupo mabuku adalipo ochepa, aakulu ndi olemera. Zilembo zake zidali zomwe zija timalemba ife, kungoti adazitukumula pa pepala kuti chala chizizimva. Aphunzitsi openya ankazikonda chifukwa iwo ankatha kuziwerenga ndi maso, koma kwa mwana wosaona kuwerenga kudali kochedwa zedi, ndipo kulemba yekha kudali kovuta koposa. Braille adatenga maganizo a Charles Barbier, amene adali ndi njira yolembera ndi madontho 12, nawachepetsa kufika pa madontho 6 okwanira pansi pa nsonga ya chala chimodzi. Ntchitoyi adaimaliza mu 1824 ali ndi zaka 15 zokha, ndipo adaisindikiza mu 1829. Atakula adakhala mphunzitsi pa sukulu yomweyo komanso woimba limba m'matchalitchi a mu Paris.

Njirayi akuluakulu sadailandire ndi manja awiri. Mkulu wa sukulu amene adalowa mu 1840 adailetsa kwa kanthawi, koma ophunzira adapitiriza kuphunzitsana mobisa pakuti adali atalawa kukoma kwa kulemba ndi kuwerenga popanda kudalira munthu. Braille adamwalira mu 1852, ndipo zilembo zake zidavomerezedwa mwalamulo ku France mu 1854, mwini wake atagona kale m'manda zaka ziwiri. Apa tikuona koyamba chinthu chimene chidzabwerezedwe kangapo m'mbiri yonseyi: openya ankasankhira osaona chimene chidali chabwino kwa openya, pamene osaona ankadziwa okha chimene chinkawathandiza.

Makina oyamba olankhula

Zilembo za Braille zidatsegula khomo lalikulu, koma mabuku ambiri, nyuzipepala ndi makalata a ku ntchito adapitirira kutuluka pa pepala wamba. Munthu wosaona ankafunikabe womuwerengera, ngakhale kalata yachinsinsi yochokera kwa dokotala kapena kwa bwenzi. Ku America, anthu osaona adakhazikitsa bungwe lawolawo la National Federation of the Blind mu 1940, motsogozedwa ndi Jacobus tenBroek, katswiri wa malamulo amenenso adali wosaona. Mfundo yawo yaikulu idali yakuti osaona azidzilankhulira okha, m'malo moimiridwa ndi anthu ongowamvera chisoni.

Bungwe limeneli ndi limene lidagwirizana ndi katswiri wina wachinyamata, Ray Kurzweil, popanga makina owerenga mabuku mokweza. Akatswiri osaona adayesa makinawo ndi kunena zoyenera kukonza. Adawaonetsa kwa anthu pa 13 Januwale 1976, ndipo woimba wotchuka Stevie Wonder adali woyamba kugula. Koma mtengo wake udali pafupifupi madola 50,000, kotero kuti ambiri ankangowapeza m'malaibulale ndi m'masukulu akuluakulu.

M'zaka za m'ma 1980 makompyuta ang'onoang'ono adayamba kulowa m'maofesi, ndipo kwa osaona nthawi imeneyi idali ya chiyembekezo. Makompyuta a nthawiyo, oyendera pulogalamu ya DOS, ankaonetsa mawu okhaokha, mizere 25 ya zilembo 80 uliwonse. Chilembo chilichonse chinkasungidwa m'kati mwa kompyuta ngati nambala yodziwika, choncho pulogalamu ina inkatha kuchitenga ndi kuchipereka ku kachipangizo kolankhula. Ku kampani ya IBM, katswiri wa masamu Jim Thatcher adagwira ntchito imeneyi pamodzi ndi Jesse Wright, mphunzitsi wake wakale amene adali wosaona, ndipo mu 1986 padatuluka pulogalamu ya IBM Screen Reader.

Munthu wina wofunika kumudziwa ndi Ted Henter. Iyeyu adali katswiri wa mpikisano wa njinga zamoto, ndipo adachita khungu pa ngozi ya galimoto ku England mu 1978. Adaphunzira kupanga mapulogalamu, ndipo mu 1987 adayambitsa kampani ya Henter-Joyce ku Florida pamodzi ndi Bill Joyce, amenenso adali wosaona. Mu 1989 adatulutsa pulogalamu ya JAWS. Dzinali ndi chidule cha mawu a Chingerezi onena za kupeza mwayi wa ntchito kudzera m'mawu olankhulidwa, ndipo likutiuza chimene chidali pamtima pa eni ake. Iwo ankafuna kulembedwa ntchito, kulandira malipiro ndi kudyetsa mabanja awo monga wina aliyense.

Khomo litsekekanso

Walira mvula walira matope. Chitukuko chomwecho chimene chidabweretsa kompyuta chidabweretsanso vuto latsopano. Kampani ya Apple idatulutsa Macintosh mu 1984, ndipo Microsoft idatulutsa Windows 3.0 mu 1990. Makompyuta amenewa adasiya mizere ya mawu ndi kuyamba kugwiritsa ntchito tizithunzi, mawindo ndi kamuvi koyendetsa ndi mausi. Kwa openya zinthu zidaphweka. Kwa osaona lidali tsoka, pakuti tsopano ngakhale mawu enieniwo ankajambulidwa pa sikirini ngati timadontho ta kuwala, ndipo pulogalamu yowerenga sinkapeza chilembo choti itole. Anthu amene adali atagwira ntchito bwinobwino kwa zaka zambiri adayamba kuopa kuchotsedwa pamene mabwana awo ankasintha makompyuta.

Akatswiri adayesetsa kupeza njira. Mapulogalamu atsopano ankazembera malamulo amene kompyuta imatumiza pojambula zinthu pa sikirini, ndi kumanga m'kati mwake chithunzithunzi cha zimene zili pamenepo. Njira yotereyi ndiyo idagwiritsidwa ntchito mu outSPOKEN, imene kampani ya Berkeley Systems idatulutsira Macintosh mu 1989. Ku Canada kudatuluka Window Bridge mu 1992, ndipo JAWS ya Windows idatuluka mu Januwale 1995, ntchito yaikulu ataigwira Glen Gordon, katswiri wosaona. Komabe njirayi idali yongoyerekeza, ngati kuzindikira mlendo pomvera mapazi ake kuseri kwa chitseko. Kampani yopanga Windows ikangosintha kanthu kakang'ono, zonse zinkasokonekera.

Osaona adazindikira kuti vutoli silingathe pokhapokha opanga makompyutawo atasiya mpata m'kati mwa mapulogalamu awo, kuti batani lililonse lizidziwika dzina lake ndi ntchito yake. Madandaulo okha sadaphule kanthu msanga. Mu 1994 bungwe la boma la America loona za anthu aulumali, National Council on Disability, lidakambirana ndi Microsoft, ndipo nthambi za boma m'zigawo za Massachusetts ndi Missouri zidayamba kukamba zoti sizidzagula Windows 95 ngati antchito osaona sangathe kuigwiritsa ntchito. Nkhani itafika pa ndalama, makutu adatseguka. Mu 1995 kampaniyo idalonjeza kusintha, ndipo mu 1997 idatulutsa Microsoft Active Accessibility, njira yolola mapulogalamu kuuza screen reader zimene zili pa sikirini.

Chaka chomwecho kampaniyo idapunthwanso. Idatulutsa Internet Explorer 4.0 mothamanga pofuna kupambana anzake pa msika, ndipo anthu osaona adapeza kuti pulogalamu yatsopanoyo inkawavuta kuposa yakale. Mabungwe awo adakweza mawu, ndipo patangopita milungu ingapo kudatuluka ina yokonzedwa. Mu 1998 nyumba ya malamulo ya America idalimbitsa gawo 508 la lamulo lake lothandiza anthu aulumali, kulamula kuti zipangizo zamakono zimene boma likugula zikhale zoti aulumali angathe kugwiritsa ntchito. Popeza boma la America limagula makompyuta ochuluka zedi, makampani sakadachitira mwina koma kumvera.

Milandu ya pa intaneti

Intaneti itafala, idaoneka ngati yankho la pemphero la zaka zambiri. Kwa nthawi yoyamba munthu wosaona ankatha kuwerenga nyuzipepala ya tsiku lomwelo payekha, m'mawa womwewo umene anzake openya ankaiwerenga. Koma olemba masamba adayamba kudzaza zithunzi zopanda mawu ofotokozera ndi mabatani opanda maina. Pulogalamu yowerenga ikafika pamenepo inkangoti chithunzi, chithunzi, batani, osanena kuti n'chithunzi cha chiyani kapena batanilo lichita chiyani. Bungwe la W3C, limene limakonza malamulo a kalembedwe ka masamba a pa intaneti, lidayambitsa nthambi yoona za vutoli mu 1997, ndipo pa 5 Meyi 1999 lidatulutsa malangizo otchedwa WCAG 1.0. Malangizowo adali osavuta kumva: chithunzi chikhale ndi mawu ofotokoza, mitu ilembedwe ngati mitu, ndipo chilichonse chotheka ndi mausi chithekenso ndi kiyibodi.

Malangizo adalipo, koma owatsatira adali ochepa, choncho nkhani idapita ku makhoti. Mu Novembala 1999 bungwe la National Federation of the Blind lidasumira kampani ya America Online, ndipo mu Julayi 2000 kampaniyo idavomera kukonza pulogalamu yake. Ku Australia, Bruce Maguire, bambo wosaona chibadwire, adadandaula kuti tsamba la masewera a Olympic a ku Sydney a mu 2000 silinkamulola kuona ndandanda ya masewera ndi zotsatira zake. Okonza masewerawo adati kukonza tsambalo kungadye madola a ku Australia oposa 2 miliyoni ndi nthawi yoposa chaka, koma akatswiri amene adachitira umboni Maguire adaonetsa kuti ntchitoyo idali ya milungu yochepa. Mu Ogasiti 2000 bungwe loona za ufulu wa anthu m'dzikolo lidagamula mokomera Maguire, ndipo okonza masewerawo atalephera kukonza zonse, adalamulidwa kumulipira madola 20,000.

Mlandu wina wotchuka ndi wa sitolo zazikulu za Target ku America. Udayamba mu 2006, wodandaula wina ali Bruce Sexton, wophunzira wosaona wa pa yunivesite ya California ku Berkeley. Kampaniyo idati lamulo la mu 1990 loteteza anthu aulumali limanena za nyumba za njerwa, osati masamba a pa intaneti. Woweruza Marilyn Hall Patel adakana kuthetsa mlanduwo, ponena kuti tsamba lolumikizana ndi malonda a m'sitolo likhoza kukhudzidwa ndi lamulolo. Mu 2008 kampaniyo idavomera kukonza tsamba lake ndi kupereka madola 6 miliyoni. Ku Canada, mayi Donna Jodhan adasumira boma lenilenilo chifukwa sankatha kufunsira ntchito za boma pa intaneti, ndipo adapambana mu 2010. Tikaona milandu imeneyi tipeza kuti zimene anthuwa ankapempha zidali zinthu wamba: kuona zotsatira za masewera, kugula katundu, kufunsira ntchito. Ulemu wa munthu umaoneka m'zinthu zazing'ono zoterezi.

Vuto la mtengo ndi anyamata awiri a ku Australia

Padatsala khoma lina limene makhoti sakadatha kuligwetsa, ndilo mtengo. Pulogalamu ngati JAWS inkagulitsidwa pafupifupi madola 1,000, nthawi zambiri kuposa mtengo wa kompyuta yeniyeniyo. M'maiko olemera boma kapena bwana wa pa ntchito ankalipira. Koma anthu ambiri osaona amakhala m'maiko osauka. Chiwerengero cha mu 2020 chidaonetsa kuti pa dziko lonse pali anthu osaona pafupifupi 43 miliyoni, ndipo ochuluka a iwo ali mu Asia ndi mu Africa. Kwa mnyamata wa kumudzi, khomo limene anzake adalitsegula ku America lidali lotsekabe ndi loko wa ndalama.

Mu Epulo 2006 mnyamata wosaona wa ku Australia, Michael Curran, adayamba kulemba pulogalamu yakeyake imene adaitcha NVDA. Posakhalitsa mnzake James Teh, wosaonanso, amene adadziwana naye ali ana pa msonkhano wa ana osaona ophunzira nyimbo, adalowa nawo ntchitoyo. Mu 2007 adakhazikitsa bungwe losafuna phindu la NV Access. Maganizo awo adali akuti munthu wosaona sayenera kulipira ndalama zoonjezera kuti agwiritse ntchito kompyuta imene wopenya amaigwiritsa ntchito atangoigula. Pulogalamuyo adaipereka ulere, ndipo adaulula kalembedwe kake konse kuti aliyense wodziwa athe kuikonza. Mutu umodzi susenza denga: anthu ongodzipereka m'maiko osiyanasiyana adaimasulira m'zinenero zoposa 50, ndipo ikhoza kuikidwa pa fulashi kuti munthu ayende nayo ndi kuigwiritsa ntchito pa kompyuta ya ku sukulu kapena ya mnzake. Lero NVDA ndi imodzi mwa mapulogalamu awiri owerenga amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa Windows.

Foni yopanda mabatani

Mbiri idadzibwerezanso mu 2007 pamene Apple idatulutsa iPhone. Foni zakale zidali ndi mabatani omveka ndi chala, ndipo kadontho ka pa nambala 5 kankathandiza munthu kudziwa pamene ali. Foni yatsopanoyo idali galasi losalala. Kampaniyo idali itaika kale pulogalamu yowerenga ya VoiceOver m'makompyuta ake mu 2005, koma foniyo idatuluka ili duu. Osaona adaopa kuti mafoni onse akatsatira njira imeneyi, iwo adzatsala m'mbuyo kachiwiri. Mu 2008 National Federation of the Blind pamodzi ndi loya wamkulu wa boma la Massachusetts adagwirizana ndi Apple kuti ikonze pulogalamu yake ya nyimbo ya iTunes. Mu Juni 2009 kudatuluka iPhone 3GS ili ndi VoiceOver m'kati mwake popanda mtengo woonjezera. Munthu akakhudza galasi, foni imanena chimene chili pansi pa chala chake, ndipo akagogoda kawiri chimatseguka. Chaka chomwecho mafoni a Android adalandira pulogalamu ya TalkBack. Galasi lija limene ankaliopa lidasanduka chida chimene osaona ambiri amachidalira powerenga, poyenda ndi potumiza ndalama.

M'chaka chomwecho cha 2009 mudabukanso mkangano wa mabuku. Kachipangizo kowerengera mabuku ka Kindle 2 kadatuluka kali ndi mawu owerenga mokweza, koma bungwe la alembi la Authors Guild lidadandaula kuti zimenezi zikuwalanda malonda, ndipo kampani ya Amazon idalola osindikiza mabuku kuzimitsa mawuwo. Mu Epulo anthu osaona ndi anzawo aulumali wina adachita zionetsero pa ofesi ya bungwelo ku New York. Nkhani yotereyi idakhudza dziko lonse, pakuti bungwe la World Blind Union linkanena kuti mabuku osakwana 10 mwa 100 aliwonse ndiwo ankapezeka m'njira yoti wosaona awerenge. Zotsatira za kulimbikira kwawo ndi pangano la ku Marrakesh la pa 27 Juni 2013, lolola kusintha mabuku kuti akhale a Braille kapena omvetsera, ndi kuwatumiza kunja kwa dziko, popanda kuyamba wapempha chilolezo kwa mwini buku. Panganoli lidayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2016.

Nanga kuno kwathu?

Mbiri imeneyi ikutikhudza nafenso. Dziko la Malawi lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo gawo 9 la panganolo limatchula mwachindunji za mwayi wogwiritsa ntchito makompyuta ndi intaneti. Mu 2012 kudakhazikitsidwa lamulo loona za anthu aulumali, limene lidalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2024, ndipo mu 2017 dziko lino lidalowa m'pangano la ku Marrakesh. Ku South Africa bungwe la Blind SA lidatengera boma ku khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, ndipo mu Sepitembala 2022 khotilo lidagamula kuti lamulo la umwini wa mabuku linkaphwanya ufulu wa osaona. Tili ndi sukulu zakale za ana osaona monga Chilanga ku Kasungu ndi Lulwe ku Nsanje, koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu imene imasula aphunzitsi a ana a zosowa zapadera, komanso bungwe la Malawi Union of the Blind limene limalankhulira eni ake.

Komabe lamulo lolembedwa pa pepala siligula kompyuta. Magetsi, mtengo wa foni yamakono ndi mtengo wa intaneti zikadali zopinga zazikulu. Palinso nkhani ya chinenero. Pulogalamu yowerenga ikakhala ndi mawu a Chingerezi, imatchula Chichewa motsatira malamulo a Chingerezi, ndipo mawu ngati ng'ombe, mphunzitsi kapena ntchentche amatuluka opotoka moti womvetsera ayenera kuchita kulota tanthauzo lake. Wogwiritsa ntchito foni yosalankhula amakakamizika kuuza munthu wina nambala yake yachinsinsi kuti atumize kapena kutapa ndalama. Tangoganizani, anzathu, kuti chinsinsi cha thumba lanu chili m'manja mwa aliyense amene mwamupeza pafupi.

Ngakhale m'maiko olemera ntchito siidathe. Bungwe la WebAIM limayeza masamba oyamba a mawebusaiti 1 miliyoni otchuka chaka chilichonse, ndipo mu 2024 lidapeza zolakwika pa masamba pafupifupi 96 mwa 100 aliwonse. Guillermo Robles adasumira kampani ya Domino's mu 2016 chifukwa cholephera kuitanitsa chakudya pa intaneti, ndipo kampaniyo idalimbana naye mpaka ku khoti lalikulu la America, limene lidakana kumva apilo yake mu 2019. Ku Ulaya lamulo lokakamiza mabanki, masitolo a pa intaneti ndi ogulitsa mabuku a pa kompyuta kuganizira aulumali lidayamba kugwira ntchito pa 28 Juni 2025. Masiku ano kuli mapulogalamu anzeru otha kufotokoza zimene zili pa chithunzi, ndipo akuthandiza ambiri, koma amalakwitsa nthawi zina, ndipo wosaona alibe njira yapafupi yodziwira kuti apa makina anama.

Zimene tingatolepo

Mfundo yoyamba ndi yakuti vuto lalikulu la munthu wosaona kawirikawiri limachokera ku zosankha za anthu opanga zinthu. Kompyuta ya DOS inkawerengeka, ya Windows idasiya kuwerengeka, kenaka idayambanso kuwerengeka, pamene maso a ogwiritsa ntchito adali chimodzimodzi nthawi yonseyo. Chidasintha ndi maganizo a okonza. Chinthu chikakonzedwa moganizira onse kuyambira pa maziko, mtengo wake umakhala wochepa, koma kugumula khoma kuti uikepo khomo nyumba itatha kale kumadya zambiri.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti amene wavala nsapato ndiye amadziwa pamene ikumuluma. Braille, Henter, Gordon, Curran ndi Teh onse adali osaona, ndipo zimene adapanga zidakhalitsa chifukwa ankazigwiritsa ntchito okha tsiku ndi tsiku. Tikafuna kuthandiza mnzathu wosaona, tiyambe tamufunsa chimene akufuna, ndipo tilankhule ndi iye mwini, osati ndi amene akumutsogolera.

Mfundo yachitatu ikutikhudza ife achinyamata mwachindunji, pakuti ndife amene timalemba zidziwitso za magulu athu ndi kuzitumiza pa WhatsApp ndi pa Facebook. Tikajambula chidziwitso cha msonkhano ndi kuchitumiza ngati chithunzi chokha, mnzathu wosaona sangadalire kuti foni yake imuwerengera molondola. Tilembenso mawuwo pansi pake: tsiku, nthawi ndi malo. Tikaika chithunzi, tifotokoze mwachidule zimene zilipo. Tikagawa mapepala a maphunziro kapena a nyimbo, tipereke olembedwa pa kompyuta m'malo mwa ojambulidwa ndi kamera. Amene tili ndi foni zamakono tiyese kutsegula TalkBack kapena VoiceOver, titseke maso kwa mphindi 10, tiyese kutumiza uthenga umodzi, ndipo tidzamvetsa zambiri. Amene mukuphunzira za makompyuta m'makoleji, dziwani kuti malangizo a WCAG ndi aulere, NVDA ndi yaulere, ndipo ntchito yophunzitsa makina kutchula bwino zinenero zathu ikufuna anthu odziwa Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi Chilomwe monga inu.

Tisaiwalenso kuti khungu silisankha. Ted Henter adali wopenya mpaka tsiku la ngozi yake, ndipo matenda a shuga, ng'ala ndi ukalamba zikuchititsa khungu anthu ambiri m'mabanja mwathu momwemu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Sabata ino aliyense wa ife aganizire za munthu mmodzi wosaona amene amamudziwa, kusukulu, kumudzi kapena m'gulu lathu, ndipo adzifunse ngati uthenga womaliza umene tidatumiza udamufika m'njira yoti awerenge yekha. Ngati sudamufike, tiutumizenso.